Dr. Daniel Sharpe Malekebu: Mnyamata Amene Adauona Ulendo Wake Ukadali Patali

Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulidwa, m'misewu ya m'boma la Neno mumaoneka anyamata ndi asungwana atasenza masutikesi ndi zidebe, ena akutsika kuchokera kumapiri a kwa Dambe, ena akukwera kuchokera kuchigwa cha Lisungwi ndi Zalewa, onse ulendo wokayamba Folomu 1. Makolo awo amakhala atagulitsa mbatata ya kachewere, manachesi, nandolo kapena mbuzi kuti mwana asapite chimanjamanja. Mwana wotere akafunsidwa chimene akufuna kudzakhala, yankho silichedwa ayi: dokotala, namwino, injiniya. Koma akafunsidwa za njira yake, maphunziro amene ayenera kuwagwiritsitsa kuyambira lero, sukulu imene imaphunzitsa ntchitoyo, ndi zaka zimene zidzamutengere, kawirikawiri amangozyolika n'kumalemba pansi ndi chala cha kuphazi. Ambiri amayesa kuti mafunso amenewo ndi a ku Folomu 4.

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene adayamba kuyankha mafunso otere ali pa msinkhu wa mwana wa Folomu 1, pa nthawi imene m'dziko muno mudalibe sukulu ya sekondale ndi imodzi yomwe. Munthuyo ndi Dr. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, Mmalawi woyamba kulandira digiri ya udokotala. Sadali wa ku Neno, koma kwawo ndi kutsidya chabe kwa Shire, ndipo umphawi ndi kutalika kwa sukulu zimene adalimbana nazo, mwana wa kwa Mlauli kapena kwa Symon safuna wina womutanthauzira.

Daniel adabadwa cha m'ma 1889 m'banja la Chiyao m'dera la Chiradzulu. Dziko lidali pa mphambano nthawi imeneyo. Angerezi adalengeza ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, nkhondo zothetsa malonda a akapolo zidapitirira mpaka 1895, msonkho wa nyumba udayamba, ndipo malo aakulu a m'mapiri a kuvuma kwa Shire adagwa m'manja mwa azungu a minda. Pafupi ndi kwawo, ku Magomero, kudali esiteti ya A. L. Bruce kumene thangata lidadzafika poipa zedi. Mwana wobadwa masiku amenewo tsogolo lake lidali lodziwikiratu: khasu, kunyamula katundu wa mtengatenga, kapena, akachita mwayi wodziwa kulemba, ukalaliki kaya ukapitawo pa munda wa mzungu.

Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 1900 pamene Mbusa John Chilembwe adabwerako ku Amereka. Iwowa adachoka m'dziko muno mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira pa sukulu ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerera adatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe, mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda a ku Amereka wa National Baptist Convention. Daniel adali mmodzi wa ophunzira oyambirira pa sukulu ya mishoniyo. Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa bwino. Mnyamatayu sadachite kumva mphekesera zoti munthu wakuda angathe kuwoloka nyanja yamchere n'kukaphunzira. Adamuona munthuyo ndi maso ake, munthu wa m'dera lake lomwelo, wolankhula chilankhulo chake, wodya nsima ngati iye. Mwana salakalaka chinthu chimene sadachionepo, ndipo mphunzitsi aliyense wa kumudzi akudziwa kusiyana kwa kalasi limene lidachezeredwapo ndi munthu wophunzira wa m'mudzi momwemo ndi kalasi limene limangomva za anthu otere pa wailesi.

Mu 1901 pa Mbombwe padafika Mbusa Landon Cheek, ndipo chaka chotsatira padafikanso Mayi Emma DeLaney. Onse awiri adali anthu akuda ochokera ku Amereka. Mayi DeLaney adabadwira ku Fernandina m'chigawo cha Florida mu 1871, ndipo adaphunzira zaunamwino ndi zaumishoni pa Spelman Seminary mu mzinda wa Atlanta. Daniel adayamba kuwagwirira ntchito za pakhomo ndi kuwamasulira polankhula ndi anthu. Kwa ena ntchito imeneyi ikadangokhala yotunga madzi ndi kutsuka mbale, koma kwa iye idasanduka sukulu yachiwiri. Chingerezi sadachiphunzire pa sileti pokha. Ankachilankhula m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo womasulira sangabisale kumbuyo kwa anzake monga achitira mwana wamanyazi m'kalasi, pakuti akalakwitsa mawu onse awiri amene akuwalumikiza amamuyang'ana. Tsono munthu sangakhale zaka zitatu m'nyumba ya mphunzitsi wotere osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kuli sukulu zosanjikizana ngati makwerero, ina pamwamba pa inzake, ndi kuti pamwamba penipeni pali sukulu za madokotala.

Kodi m'dziko muno mudalibe kumene mnyamata wanzeru akadapita? Mudali, koma denga lake lidali lalifupi. Ku Khondowe Dr. Robert Laws adatsegula Overtoun Institution mu 1894, kumene kunkatuluka aphunzitsi, amisiri, makalaliki ndi othandiza m'chipatala. Mishoni ya Blantyre nayo inkaphunzitsa othandiza madokotala, ndipo wotchuka mwa iwo adali John Gray Kufa. Koma wothandiza ankakhalabe wothandiza ngakhale luso lake likule chotani. Dokotala adali mzungu basi. Ku Neno komwe, mishoni ya Akatolika idayamba mu 1906 ndipo ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist idayamba mu 1908, koma sukulu zake zidali za makalasi oyambirira. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, idadzatsegulidwa mu 1940, Daniel ali kale bambo wa zaka zoposa 50. Motero wofuna udokotala weniweni adalibe njira ina koma kutuluka.

Mayi DeLaney adabwerera kwawo m'chaka cha 1905. Daniel adafuna kupita nawo, koma makolo ake adakana kwamtuwagalu. Makolowa asaweruzidwe msanga. Zaka khumi zokha zidali zitapita chithere malonda a akapolo, ndipo aliyense wamkulu m'mudzimo ankakumbukira anthu amene adatsikira kunyanja yamchere osabwerakonso. Kwa iwo, kulola mwana kuwoloka nyanja kudali ngati kumuika m'manda ali moyo. Koma mnyamatayo mtima udali utapita kale, ndipo posakhalitsa adazemba pamudzi nayamba ulendo yekha.

Kuthawa makolo si chinthu chotamandika, ndipo sicho chimene chidamupanga Malekebu kukhala dokotala. Anyamata ambiri adathawapo m'midzi yawo, nthawi imeneyo ndi lero lomwe, namka ku Halale ndi ku Joni, ndipo ochuluka adasanduka matchona opanda chowonetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti Daniel ankadziwa kumene ankapita, ankadziwa munthu amene akamulandire, ankadziwa dzina la mpingo umene ukamuimire, ndipo adali ndi chilankhulo cha kumeneko pakamwa pake. Zinthu zinayi zimenezi adazisonkhanitsa pang'onopang'ono zaka zitatu asadanyamuke, m'khichini mwa Mayi DeLaney ndi m'kalasi la pa Mbombwe. Adachoka wopanda ndalama, koma sadachoke wosakonzeka.

Ulendo wake udali wa pansi. Njanji ya pakati pa Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, ndi Blantyre idadzatha mu 1908, ndipo mlatho wa pa Zambezi udadzamangidwa mochedwa kwambiri, n'kutsegulidwa mu 1935. Mnyamata wa zaka pafupifupi 16 adayenda m'chigwa chotentha, chodzala ndi udzudzu ndi zilombo, kudutsa m'dziko la Apwitikizi mpaka kukafika pa doko la Beira. Kumeneko adapeza ntchito pa sitima ya pamadzi, ndipo thukuta lake ndilo lidalipira ulendo wake mpaka ku London, kenaka ku New York. Pa chilumba cha Ellis Island, pamene boma la Amereka linkasefera alendo olowa m'dzikomo, adamusunga masiku angapo popeza adali mwana wopanda womuperekeza ndi wopanda chuma. Adatuluka pamene anthu a National Baptist Convention, bungwe limene mlembi wake wa zamishoni adali Mbusa Lewis G. Jordan, adavomera kuti mwanayo ndi wawo. Akadakhala wopanda dzina la munthu aliyense loti atchule, sitima yomweyo ikadamubweza.

Wina angaganize kuti pofika ku Amereka ndiye kuti nkhondo idatha. Kunena zoona, m'pamene idayamba. Kuchokera pa tsiku limene adaponda dothi la dzikolo kufikira tsiku limene adatchedwa dokotala padapita zaka ngati 12, ndipo zakazo zidayenda motsatana bwino, sitepe ndi sitepe.

Poyamba adapita ku Selma University m'chigawo cha Alabama, sukulu imene Abaptisti akuda adaikhazikitsa mu 1878. Dzina lakuti yunivesite lisasocheretse munthu: sukulu zambiri za anthu akuda za nthawi imeneyo zinkakhala ndi makalasi a pulayimale ndi a sekondale pansi pake, chifukwa ana a anthu amene adali akapolo adalibe kwina kopezera maziko. Makalasi amenewa ndiwo adafunika kwa mnyamata wochokera pa sukulu ya mishoni ya kumudzi. Kumwera kwa Amereka kudalinso malamulo a tsankho olekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu, m'sitima, m'zipatala ngakhale pa mipopi ya madzi akumwa. Mwana amene adathawa dziko la thangata adakapeza kuti khungu lake lidamutsogolera kale kutsidya la nyanja. Atachoka ku Selma adapita ku Durham m'chigawo cha North Carolina, pa sukulu imene Dr. James E. Shepard adaitsegula mu 1910, imene lero ikutchedwa North Carolina Central University. Atatha kumeneko m'pamene adalowa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville ku Tennessee.

Pakhomo la Meharry mpofunika kuimapo pang'ono. Sukuluyi idayamba mu 1876 ndi cholinga chophunzitsa anthu akuda udokotala. M'chaka cha 1910 Abraham Flexner adatulutsa lipoti la kafukufuku wake wa sukulu zonse za madokotala ku Amereka ndi Canada, ndipo lipotilo lidagwedeza dziko. Sukulu zambiri zosakwanira zidatsekedwa. Mwa sukulu 7 za madokotala akuda zimene zidalipo, ziwiri zokha ndizo zidapulumuka, Howard ya ku Washington ndi Meharry. Kuwonjezera apo, zoyenereza munthu kulowa sukulu ya udokotala zidakwezedwa: ankafuna wophunzira amene adadutsa kale m'maphunziro a sayansi, makamaka Chemistry, Biology ndi Physics. Ndiye kuti Malekebu adafika pakhomopo pa nthawi imene khomolo linkachepa, ndipo adalowa chifukwa zaka za ku Selma ndi ku Durham sadazitaye. Akadathamangira udokotala atangotsika m'sitima, akadabwezedwa. Akadanyozera masamu ndi sayansi m'makalasi apansi, poganiza kuti adzaziona mtsogolo, khomo likadatsekeka iye asadadziwe n'komwe kuti lidali lotsegula.

Pamenepa zinthu sizidasinthe kwenikweni, kungoti khomolo lidasendera pafupi. Lero wofuna kulowa yunivesite ya boma m'Malawi ayenera kukhoza mayeso a MSCE ndi makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo la Chingerezi, ndipo kirediti ndi giredi ya 6 kapena yoposa pamenepo pa muyeso umene 1 ndiye wapamwamba, 9 ndiye kulephera. Amenewo ndi malire olowera pa mpikisano chabe, pakuti opikisana ndi ambiri kuposa malo. Wofuna udokotala pa Kamuzu University of Health Sciences amayang'anidwa pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Wofuna uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST sangazembe Masamu ndi Physics. Wofuna zaulimi ku LUANAR nayenso sayansi imamudikira. Tsono mwana amene adagona pa Masamu mu Folomu 1 ndi 2, pofika Folomu 3 amathawa maphunziro a sayansi, ndipo pothawapo amakhala atadzitsekera yekha makomo angapo nthawi imodzi. Zotsatira za mayeso zikatuluka amadabwa kuti mapointi ake ndi abwino ndithu, koma maphunziro amene ntchito ya kumtima kwake ikufuna alibe. M'mera mpoyamba, adatero akale. Bungwe la National Council for Higher Education limalengeza mndandanda wa maphunziro a m'mayunivesite a boma pamodzi ndi zoyenereza zake, ndipo pepala limenelo limathandiza kwambiri likamatidwa pakhoma la kalasi la Folomu 1 kusiyana ndi kulisunga mu ofesi ya ahedi kudikira a Folomu 4. N'zoona kuti sekondale zambiri zoyendera za kumidzi zilibe zipinda zoyeserera sayansi ndi mabuku okwanira, ndipo umenewu si mlandu wa mwana. Koma mwana amene wadziwa msanga chimene chikusowa amakhala ndi zaka zinayi zobwereka buku, zofunsa mphunzitsi ndi zophunzira m'gulu ndi anzake, pamene wodziwa mochedwa amatsala ndi miyezi.

Malekebu ali pakati pa maphunziro ake ku Nashville, kwawo kudagwa zoopsa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adaukira boma la atsamunda ndi azungu a minda, ndipo ku Magomero adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce. Kuukirako kudatha m'masiku ochepa. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, ambiri mwa omutsatira adanyongedwa kapena kuwomberedwa, pakati pawo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa cha pa Mbombwe adachiphulitsa ndi mabomba. Mishoni idatsekedwa. Tangoganizani mmene nkhani yotere imamufikira wophunzira ali kutali: mphunzitsi wake waphedwa, sukulu yake yagwetsedwa, anzake a m'kalasi ena afa ena athawira ku Mozambique, ndipo malo amene ankakonzekera kukagwirako ntchito palibenso. Ambiri akadatembenuza mtima n'kusankha kukhazikika ku Amereka komweko, ndipo palibe akadawadzudzula.

Iye adapitiriza, ndipo m'chaka cha 1917 adalandira digiri yake ya udokotala. Chimene adachita pambuyo pake ndicho chimaonetsa poyera kuti maso ake adali akadali kwawo. Adapita ku Philadelphia kukawonjezera maphunziro a matenda a m'maiko otentha pa University of Pennsylvania, ndiponso ku Chicago kukaphunzira zaubusa pa Moody Bible Institute, nadzozedwa kukhala mbusa. Dokotala wofuna kukhala ku Tennessee sakadataya nthawi ndi malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba. A Malekebu ankasankha maphunziro poyang'ana anthu amene adzawathandize, ndipo ankadziwa kuti pa Mbombwe padzafunika munthu mmodzi wosenza mitolo itatu: wa mankhwala, wa choko ndi wa Baibulo.

Mu 1919 adakwatira Mayi Flora Zeto, amene adabadwira ku Congo, natengedwa ali mwana ndi mmishonale Clara Howard kupita ku Amereka, ndipo adaphunzira ku Spelman komwe kudaphunzira Mayi DeLaney. Adali mphunzitsi wodziwa ntchito yake, ndipo zambiri zimene zidadzachitika pa Mbombwe, makamaka pa maphunziro a asungwana ndi amayi, zidadutsa m'manja mwawo. Mbiri imakonda kutchula amuna n'kuiwala akazi otere.

Banjali lidanyamuka ulendo wa kwawo, ndipo m'chaka cha 1921 lidafika pa Port Herald. Boma la atsamunda lidawakaniza kulowa. Munthu wobadwira m'dziko muno, woyamba mwa anthu ake kukhala dokotala, adabwezedwa pa chipata cha dziko lake lomwe, pa nthawi imene madokotala m'dziko lonse ankawerengeka ndi zala. Chifukwa chake sichidali chobisika. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha zidali zitapita chichitikire cha 1915, iwo adali wophunzira wa Chilembwe, adaphunzira m'sukulu za anthu akuda za ku Amereka monga Chilembwe, ndipo masiku amenewo maboma a atsamunda ankanjenjemera ndi chiphunzitso cha Marcus Garvey choti Africa ndi ya anthu a mu Africa. Kwa azungu a boma, digiri ya a Malekebu sidali mankhwala ayi, idali moto.

Apa ndi pamene pamaonekera malire a kukonzekera kulikonse. Munthu angathe kuchita zake zonse molongosoka, koma mphamvu zimene sangazilamule n'kumutsekera njira. Anyamata ndi asungwana ambiri amene adakhoza bwino mayeso koma osasankhidwa, kapena adasankhidwa koma ndalama n'kusowa, akuudziwa ululu umenewu. A Malekebu sadakhale pansi n'kugwira m'chiuno. Adapita ku Cape Town kumene adatumikira mpingo wa Baptist kwa kanthawi, kenaka adapita ku Liberia kukagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute. Ku Liberia komweko ndi kumene Mayi DeLaney adapita mu 1912 nakayambitsa mishoni ya Suehn. Iwo adamwalira mu 1922, osaona mnyamata wawo wa pakhomo atabwerera pa Mbombwe. Zaka zisanu zodikirazo a Malekebu adaphunziramo kuyendetsa sukulu, luso limene Meharry sidawaphunzitse, pamene akuluakulu a mpingo, motsogozedwa ndi mlembi watsopano Mbusa James E. East, ankalemberana makalata ndi boma la Nyasaland.

Chilolezo chidatuluka, ndipo m'chaka cha 1926 Dr. ndi Mayi Malekebu adafika pa Mbombwe, patapita zaka 21 chichokere mnyamata uja. Adapeza mabwinja ndi tchire. Koma adapezanso anthu amene zaka zonsezo adasunga chikhulupiriro chawo mwakachetechete, ndipo pa anthu amenewa ndi pamene adamangapo. Sukulu idatsegulidwanso, chipatala chaching'ono chidayamba, ndipo patapita zaka zingapo padaima tchalitchi chatsopano cha njerwa cha New Jerusalem, pafupi ndi maziko a chakale chija, chimene alendo opita ku PIM amachiona mpaka lero. Chaka chomwecho cha 1926 boma lidakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro, ndipo a Malekebu adasamala kuti sukulu zawo ziziyenda motsata zofuna za dipatimentiyo, podziwa kuti maso a boma adali pa iwo usana ndi usiku ndi kuti cholakwa chimodzi chikadatseketsanso mishoni.

Pa chifukwa chimenechi ena adawaona ngati munthu wofatsa mopitirira, makamaka powayerekeza ndi Chilembwe. Chiweruzo chimenechi n'chopepuka. Mu 1929 iwo adali patsogolo pokhazikitsa bungwe la Chiradzulu District Native Association, limene linkadandaula kwa boma za kusowa kwa malo, thangata ndi msonkho, nkhani zomwe zija zidautsa mkwiyo wa 1915. Mabungwe otere a m'maboma osiyanasiyana ndiwo adadzabala Nyasaland African Congress mu 1944. Adasankha kulankhula ndi kalata ndi msonkhano m'malo mwa mkondo, ndipo munthu amene adaona zimene zidagwera aphunzitsi ake sangadzudzulidwe kwambiri pa chisankho chotere. Mpingo nawo udakula, kutsatira Amalawi amene ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, mpaka mu 1945 adakhazikitsa National Baptist Assembly of Africa yolumikiza mipingo ya ku Nyasaland, Mozambique, maiko awiri a Rhodesia ndi South Africa.

Patatha zaka 20 a Malekebu atamaliza ku Meharry, mu 1937, pa sukulu yomweyo padatuluka Mmalawi wachiwiri, Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu, amenenso ulendo wake adauyamba wapansi. Nkhani yake ili ndi phunziro lina limene ofuna kukaphunzira kunja amaliiwala: digiri ya ku Amereka sinkakwanira kuti munthu alembedwe m'kaundula wa madokotala wa Angerezi, motero Banda adayenera kupitanso ku Edinburgh kumene adapambana mayeso ena mu 1941. Pepala limene lili ndi mphamvu m'dziko lina likhoza kupepuka m'dziko lina. Lero lomwe, makoleji atachuluka chotere m'matauni, wophunzira wanzeru amayamba wafunsa ngati koleji ndi maphunziro ake n'zovomerezedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba asadapereke tambala ya makolo ake.

A Malekebu adatsogolera mishoni ya PIM zaka 45. Adaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikubwera mu 1953 n'kutha mu 1963, adaona ufulu wa 1964, ndipo adaona University of Malawi ikulandira ophunzira ake oyamba mu 1965, zaka 60 chiyambire ulendo wawo wa ku Beira. Mapeto a utsogoleri wawo sadali osalala. Padabuka kusamvana pakati pa iwo ndi akuluakulu a bungwe la mishoni ku Amereka pa kayendetsedwe ka mishoni, ndipo mu 1971 adatula udindo, Mbusa Leonard Muocha nalowa m'malo mwawo. Kusamvanako kudasiya mng'alu mu mpingo umene adaudzutsa pa mabwinja. Munthu amene wamanga chinthu ndi manja ake kwa zaka zambiri chotero kawirikawiri amavutika kusiyanitsa chinthucho ndi iye mwini, ndipo omuzungulira nawo amavutika kumuuza kuti dzuwa lapendeka.

Dr. Daniel Sharpe Malekebu adamwalira pa 8 Okutobala 1978 ali ndi zaka pafupifupi 90. Pa nthawi ya imfa yawo, Mmalawi aliyense wofuna udokotala ankayenerabe kuwoloka malire. Sukulu ya madokotala ya m'dziko muno, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patapita zaka 13 iwo atamwalira ndi zaka 74 chilandirire digiri yawo ku Nashville, ndipo mu 2021 idaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Kuchokera pa Zalewa kukafika pa chipata chake ndi ulendo wa pa minibasi wosatha theka la tsiku.